Mwana wanga pakhadi la alamu

Madzi atatigwetsera nyumba kwa Makhuwira, tinaoloka Shire n'kukapeza ya lendi kunja kwa Nchalo, kumene mizere ya nyumba zamalata imathera ndipo minda ya mapira imayambira. Malo aja sungawatche tauni, sungawatchenso mudzi. Mbuzi zimausa pakhonde la saluni, ndipo munthu amene wakhalako miyezi itatu amayamba kale kuloza anzake kuti ndi obwera. Bambo a kunyumba kwanga analembedwa yodula nzimbe ya sizoni, ija imatha mvula ikagwa. Ine ndinaika chiwaya pamsewu n'kumakazinga zitumbuwa. Ana tinali nawo awiri, wina wakumsana, wina mtsikana amene anali kumapeto kwa Sitandade 5.

Mtsikanayu anali ndi mutu, ndipo sindikunena chifukwa ndinamubereka ndine. Ine ndinalekezera Sitandade 7, osati chifukwa cha umbuli, koma mayi athu anadwala ndipo panafunika wolera mng'ono wanga. Choncho ndinkadziwa bwino kuti zaka zitatu zomaliza za pulayimale ndi pamene mwana amapsa kapena kupserera. Sukulu imene akhalepo kuyambira 6 mpaka 8 ndi imene ingamutumize kusekondale yogonera konko, kapena kumubweza kuti adzandithandize kutembenuza zitumbuwa. Tinamulowetsa kaye pasukulu ya boma yapafupi kuti amalize chaka, ine n'kuyamba kufufuza.

Makolo sindinkawafunsa. Kholo lililonse limayamikira sukulu imene laikako mwana wake, pakuti palibe amanyoza mbuzi imene wagula kale. Ndinali ndi njira yangayanga. Ana akamaweruka ndinkawaitanira pachiwaya, n'kuwapatsa chitumbuwa chophwanyika, iwo n'kundionetsa makope awo. Azimayi anzanga ankandiseka kuti ndasanduka woyendera sukulu wosalipidwa, koma ine ndinkangofuna kuona inki yofiira.

Makope a pasukulu yapafupi ija anali oyera ngati sanaonedwe ndi munthu wamkulu. Aphunzitsi sindinawade. Ndinali nditawaona ndekha ataima pansi pa mtengo wa nimu, ana ali mbwee mpaka kumsewu, mawu awo akuthera pamzere wachitatu. Panalinso ya pulayiveti, m'nyumba imene kale inali sitolo, kumene ana ankavala matayi dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo. Makope awo anali ofiira ndithu, chongani paliponse, mpaka ndinapeza samu yolakwika poyera nayonso itachongedwa, pansi atalemba mawu oyamikira. Ndinamubwezera mwanayo kope lake n'kumuonjezera chitumbuwa china cha chipepeso.

Kenako tsiku lina anadutsa atsikana awiri a yunifolomu imene sindinkaidziwa. Makope awo anandiwawitsa mtima. Tsamba lililonse linali ndi deti, polakwika panali pozunguliridwa, mwana analembanso pansi pake, mphunzitsi n'kubweranso kudzaona. Anandiuza kuti amaphunzira mkati mwa esiteti ya nzimbe, kuseri kwa geti. Nditafunsafunsa ndinamva kuti kumeneko amalandira ana okhawo olembedwa pakhadi la wantchito wa pemanenti. Wodula nzimbe wa sizoni khadi lotero alibe.

Koma alamu anga anali nalo.

Apa ndiyenera kunena za mng'ono wanga, yemwe uja ndinasiyira sukulu. Ndinamubereka kumsana, ndinamupukuta mamina, ndinamuphunzitsa kuwerenga iye akulira. Sitandade 4 anaibwereza kawiri. Ndiye taonani, ndi amene anakwatiwa ndi kalaliki wa kusikelo yoyezera nzimbe, n'kumakhala m'nyumba ya kampani ya magetsi, mpopi uli pakhomo, fani ikuzungulira kudenga. Ndikapita kukamuona ankanditungira madzi a m'filiji, ine n'kumamwa mano akuwawa, maso ali pazidendene zake. Za sofa ndi makatani ndinkapirira, koma zidendene zija zinkandipweteka. Zinali zosalala, zopanda mng'alu ndi umodzi womwe, pamene zanga mukanatha kubisamo njere ya mapira. Ndinkamuchitira nsanje, ndipo ndinkadziwa kuti ndikumuchitira nsanje.

Chinthu chimodzi chokha ndinali nacho chimene iye analibe. Zaka zisanu ndi zitatu m'banja, mng'ono wanga analibe mwana. Alamu ndi Asena a kwa Malemia, makolo awo anachokera kutsidya ku Mozambique, ndipo anamulowola ndi ng'ombe. Abale awo akabwera ankayang'ana pabwalo posesedwa bwino paja n'kufunsa ngati kulibe wodetsapo. Ndiulule pano, pakuti ndakula: ndikamapita kwawo ndinkasambitsa khanda langa bwinobwino n'kulibereka mokweza kuti lionekere patali.

Tsiku limene ndinapita kukapempha, ndinalankhula zambiri zosafunika, za mtengo wa mafuta ophikira ndi za phulusa la nzimbe limene limadetsa zochapa. Mng'ono wanga anandisiya ndizungulire mpaka nditatopa, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi khadi lija. Pamwamba panali dzina la alamu, pansi pake la iye, ndiye mizere inayi yopanda kanthu.

"Achemwali, si izi mwabwerera?" anatero. "Mizereyi ikungokhala."

Alamu atabwera kuchokera ku ntchito anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato. Ndi munthu wofatsa, zimene zinkandinyansanso, chifukwa sindinkapeza pomudera.

"Pyadidi, alamu, mwana abwere," anavomera m'Chisena chawo. "Koma kuno anthu ali ndi maso. Ndikamulemba, ndimulemba ngati wanga, dzina langa, ndipo azigona m'nyumba muno. Zikadziwika kuti ndinanama, ntchito yanga yatha."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anaonjeza mng'ono wanga, akumwetulira khadi lija osati ine.

Bambo ake a mwana nditawauza madzulo, anali atakhala pakhonde akudzikhula mwaye wa nzimbe zootcha. Sanakweze n'komwe mutu.

"Mbumba ndi ya kwanu, inu ndi mng'ono wanu mudziwa," anatero. "Dzina langa silinatsegulirepo munthu geti."

Ndinakwiya kuti sanakane. Ndikanakwiyanso akanakana.

Sabata yonse sukulu isanatsegulidwe, ndinamukhazika mtsikana wanga pamphasa n'kumamuphunzitsa bodza ngati mmene ndinamuphunzitsira kuchulukitsa.

"Aphunzitsi akakufunsa kuti amene akukusungawo ndi ndani, uyankha chiyani?"

"Amayi aang'ono."

"Chotsa aang'onowo."

"Amayi."

"Nanga ine?"

Anaseka. "Inu ndinu amayi."

Ndinamumenya kambama pabondo. "Ine ndine amayi aakulu a kwa Makhuwira. Bwereza." Anabwereza mpaka kuseka kunatha. Ndinamuuza kuti akalakwitsa kamodzi kokha, alamu achotsedwa ntchito ndipo iye abwerera pansi pa nimu. Ndinali mphunzitsi wabwino, ndimadziyamikira mpaka lero.

Miyezi yoyamba ankabwera Loweruka lililonse. Ndinkamulanda chikwama asanakhale pansi, n'kutsegula makope. Inki yofiira inalimo yokwanira, ndipo mtima unkakhala m'malo. Koma walira mvula walira matope. Posakhalitsa ndinayamba kuona zina zimene sindinazipemphe. Khungu lake linasalala. Anayamba kunena kuti takhuta m'malo mwa zikomo. Tsiku lina anamwa madzi a mumtsuko wanga n'kukwinya pang'ono pamphumi, koma ine ndinaona. Pansi pa lipoti la teremu, pamene pamasayina kholo, panali dzanja la mng'ono wanga, zilembo zopendekeka zomwe zija ndinkamukalipira nazo ali mwana. Munthu wosadziwa kugawa kwakutali ankasayinira masamu a mwana wanga.

Atalowa Sitandade 7 anayamba kuphunzira ndi Loweruka lomwe, ndiye kubwera kunachepa. Chaka chomwecho anatha msinkhu, ine n'kumva patapita masabata awiri, zonse zitachitika kale. Ndinapsa mtima tsiku lonse mpaka ndinapsereza zitumbuwa. Koma ndikanakadandaula kwa yani? Mwambo wathu womwe umati mayi salangiza mwana wake, amalangiza ndi ena. Mng'ono wanga sanalakwe chilichonse, ndipo chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri. Ndinkalakalaka nditamva kuti amamumana chakudya kapena amamutuma ngati wantchito, kuti ndikamutenge ndi chifukwa. Ndinkamufunsa mwanayo mochenjera, iye n'kumangoti ali bwino.

Tsiku lotsekera chaka cha Sitandade 7 ndinapita. Amene anaphunzirapo kuno akudziwa mmene zimakhalira. Ana onse amakhala pansi pabwalo, makolo m'mbali, ahedi n'kumawerenga mayina a okhoza kalasi ndi kalasi. Akatchula nambala wani, mayi wake wa mwanayo amadzuka ndi nthungululu, kuthamangira pakati, kuvina, n'kumufupa anthu onse akuona. Ine ndili mwana ndinatchulidwapo kawiri, koma mayi athu anali pamphasa, sanabwere. Ndinalumbira kalekale kuti wanga akadzatchulidwa, fumbi lidzabuka.

Pageti ndinalembetsa ngati mlendo wa mng'ono wanga. Ndinakhala kumbuyo, pamthunzi, pakati pa azimayi osandidziwa. Inali nyengo ya masau, ndipo ndinali nditamanga odzaza manja awiri pakansalu, osankha ofiira okhaokha, chifukwa mtsikana wanga ankawakonda kuyambira ali wamng'ono.

Atafika pa Sitandade 7, ahedi anatsokomola, n'kutchula dzina loyamba la mwana wanga, n'kutsatiza ndi dzina la alamu. Miyendo yanga sinandifunse. Ndinapezeka ndadzuka theka, pakamwa patatseguka kale. Koma nthungululu imene inamveka sinali yanga. Mng'ono wanga anali atafika kale pakati, chitenje chatsopano chili m'manja, akuvina ndi zidendene zake zosalala zija. Anamufunditsa mwanayo chitenjecho, anamukumbatira, anayesa kumunyamula n'kulephera, anthu n'kuseka mokondwa. Ine ndinakhala ngati ndikukonza chitenje changa, n'kubwerera pansi. Nthungululu ija inandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

"Ndi mwana wa akalaliki a kusikelo," anatero mayi amene anali pambali panga. "Nzeru watengera bambo ake."

"Eya," ndinayankha, "ndi mphuno yomwe."

Anthu atayamba kubalalika, mtsikana wanga anandiona n'kubwera, aphunzitsi ake ali pambuyo. Ndinaganiza kuti mwina chisangalalo chimusokoneza, alakwitsa, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinkafuna alakwitse.

"Madamu," anatero, "awa ndi amayi aakulu a kwa Makhuwira."

Sanadodome, sanaphethire. Aphunzitsi aja anandipatsa moni waulemu, n'kundiuza kuti mng'ono wanga walera bwino. Ndinamasula kansalu kaja n'kumupatsa mwanayo masau. Anagwada, analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza mmene mwana wamwambo amathokozera mlendo.

Sitandade 8 itayamba, mng'ono wanga anabwera pachiwaya panga masana ena. Anati kusukulu akulembetsa mayeso, ajambula zithunzi, ndipo dzina limene lilembedwe pafomu ndi limene lidzakhale pasetifiketi ndi kulikonse kumene mwanayo adzapite. Anangoti ndidziwe. Ine ndinamva ngati akundiuza kuti maliro ndi mawa.

M'mawa mwake sindinakoleze moto. Ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi n'kupita kukatenga mwana wanga. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndinkati ndinabwereketsa sindinapereke, ndinkati ng'ombe za kwa Malemia sizinalowole mimba yanga. Ndinafika ndi mawu okwana mtanga, ndipo ambiri ndinawakhuthuladi, nditaima pakati pa balaza, fani ikundikupiza pamutu.

Mng'ono wanga anamvetsera mpaka ndinatha mpweya.

"Mutengeni, achemwali," anatero. "Ndi wanu. Mukuganiza kuti ine sindidziwa? Ndimachapa, ndimaphika, ndimadzuka naye akadwala. Koma akapeza masamu onse, kope lija salionetsa ine. Amalisunga pansi pa chikwama kudikira tsiku lopita kwanu. Ndikamufunsa samu amati, amayi anga iyi amaichita pamtima. Amanenera m'nyumba mwanga muno, akudya chakudya changa."

Ndisaname, zinandikoma. Ndinaona kuti nayenso ali ndi chake chomudya m'kati, ndipo ndinasangalala ngati munthu woipa. Koma kukoma kuja sikunakhalitse, chifukwa mwanayo anali ataima pakhomo la kuchipinda, atavala kale yunifolomu, ndipo anamva zonse. Fomu inali pathebulo.

"Iwe," ndinatero, "ukufuna dzina liti pamenepa?"

Anatembenukira kwa ine.

"Amayi, munati ndisadzalakwitse."

Anandiitana amayi, opanda aakulu, ndipo ndi mawu omwewo anandiyankha. Ndinayang'ana fomu ija, ndinakumbukira makope oyera a pansi pa nimu, ndinakumbukiranso samu yolakwika yochongedwa ija. Ndinamuuza kuti afulumire achedwa, n'kutuluka osamwa madzi a m'filiji amene ananditungira.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, anthu anayamba kutumizirana pafoni, koma foni yanga ndi ya mabatani, ndipo sindinafune kumva kwa munthu. Ndinapita ndekha kukaona pabolodi la kusukulu. Panali khamu. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo n'kuyamba kutsitsa chala pamndandanda, kufunafuna dzina la bambo ake a mwana. Ndinafika pansi osalipeza. Ndinayambiranso pamwamba. Osalipeza. Ndinati zaka zitatu zonse zija ndapereka mwana pachabe. Ndinaima choncho mpaka mayi wina kumbuyo kwanga anawerenga mokweza dzina la alamu, n'kunena kuti mwana wa akalaliki wasankhidwira kusekondale ya atsikana yogonera konko. Linali pamwamba penipeni. Chala changa chinali chitalidumpha kawiri.

Chapatali ndinaona azimayi atamuzungulira mng'ono wanga, akumugwira chanza. Sindinapiteko. Ndinatuluka pageti n'kutenga njira yachidule yodutsa pakati pa minda ya nzimbe, kumene nzimbe zimatalika kuposa munthu ndipo suona wina aliyense. Nditafika pakati, ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbuyo, n'kuitulutsa nthungululu ija. Inatuluka yonse, ya chaka chino ndi ya chaka chatha yomwe. Ndinavula nsapato, ndinavina pafumbi ndi zidendene zanga zong'aluka, ndekhandekha, mpaka thukuta linalowa m'maso.

Sindinamve kuti thirakitala yaima pamphambano. Woyendetsa wake, bambo wachikulire, anali akundiyang'ana akuseka.

"Kwagwanji, mayi?"

"Mwana wakhoza," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Wasankhidwa."

"Zokoma zimenezo. Mwana wa ndani?"

Yankho linali kale palilime. Kenako ndinaona ovolosi ya kampani imene anavala, ndi ngolo ya nzimbe imene ankakoka, yopita kusikelo komwe amagwira ntchito alamu.

"Wa mng'ono wanga," ndinatero.

Bamboyo anagwedeza mutu mondilemekeza. "Muli ndi mtima wabwino, mayi. Ena akanachita nsanje."

Ndinawathokoza. Thirakitala itapita ndinatola nsapato zanga, ndinazikuntha fumbi, n'kupita kukakoleza moto wa zitumbuwa.